Mitsamiro ya Akalonga Awiri

Mfumu Tachat anaitanitsa akalonga ake awiri m'mawa kuti akambirane za mlatho, koma dzuwa linafika paliwombo asanakhale n'komwe pansi.

M'masiku a agogo ake, m'chipinda chachikulu ichi munkayalidwa mitsamiro yambirimbiri, banja lililonse ndi wake, ndipo ulemu wa munthu unkaoneka ndi mmene mtsamiro wake wayandikirira kwa mfumu. Ambiri mwa mabanja aja anatha. Ena anapereka malinga awo ankhondo kwa mfumu ya Agiriki, ena anathera kunkhondo. Okhala ndi asilikali a pa akavalo anatsala awiri okha, Hamazasp ndi Varaz. Tsopano Aturuki anali atatentha midzi ya kumunsi kwa chigwa, ndipo popanda asilikali a akalonga onse awiriwa, mlatho wolowera ku linga la mfumu sukanatetezeka.

"Ine kumanzere sindikhala," anatero Hamazasp, manja atawapinda pamimba. "Atate anga ankakhala kudzanja lamanja."

"Anakhalako chaka chimodzi, atate anga akudwala mwendo," Varaz anayankha. "Chobwereka sichisanduka chako, achimwene."

"Achimwene anu ndani? Agogo anu ankameta nkhosa zathu!"

"Munali ndi nkhosa inu? Ife tinkamva za mbuzi imodzi, nayonso yakhungu."

Tachat anasisita ndevu mpaka chibwano chinawawa.

"Akuluakulu, utsi mukuuona pazenerawo si wa ophika mkate. Bwanji wina akhale kumanja lero, wina mawa?"

"Mawa?" Varaz anaseka. "Pepani mfumu, kodi mawa kuli ufumu? Ine ndikhale lero."

Choncho ngozi ankaidziwa bwino lomwe, anthu awa! Tachat anayesa njira ina. Anakoka mitsamiro yonse iwiri n'kuiika patsogolo pake, moyang'anana naye. Hamazasp anapendeketsa mutu, n'kunena kuti ngakhale pamenepo kumanja kulipo.

Apa m'pamene mtima wa mfumu unadzaza ndi ukali. Anatola mitsamiro ija, umodzi dzanja ili, wina dzanja ilo, n'kuiponya m'dzenje la moto limene linali pakati pa chipinda.

"Basi! Palibe wakumanja, palibe wakumanzere. Khalani pa mwala ngati anthu, tikambe za mlatho."

Fungo la ubweya wopserera linadzaza chipinda. Akalonga aja anayang'ana m'dzenje nthawi yaitali, ngati anthu oima pamanda.

"Pa mtsamiro uja m'pamene makolo anga ankalumbirira makolo anu," anatero Hamazasp, mawu atatsika. "Mwautentha. Lumbiro lapsera pomwepo."

"Mwanena zoona, achimwene," anatero Varaz.

Ulendo uno Hamazasp sanalikane liwulo. Tachat anali atawagwirizanitsa, chinthu chimene atate ake analephera moyo wawo wonse. Anayesa kuwaitana, koma iwo anawerama mwaulemu wonse n'kutembenuka. Khomo linali lalikulu, moti anatuluka phewa ndi phewa, popanda wotsogola.

Posakhalitsa Tachat anawaona pazenera, magulu awiri a akavalo akulowera kumadzulo, kwa Agiriki, kumene aliyense wobwera ndi asilikali ankapatsidwa dzina laulemu ndi mtsamiro wa silika.

Khosrov, wantchito wokalamba wa m'nyumbamo, analowa ndi mtsuko wa vinyo ndi zikho zitatu. Anayang'ana uku ndi uku.

"Mfumu, ndiyambe kuthirira ndani?"

"Khosrov, usandiyambe nawenso. Kauze ophika mkate ndi osamalira akavalo atenge mikondo. Tikupita ku mlatho."

"Ife tokha?"

"Ukuona wina?"

Mkuluyo anaika mtsuko pansi. Maso ake anagwera pa mtsamiro umodzi wotsala, wofiira, wa mafumu.

"Nanga uwu tiusiye pano?"

Tachat anauyang'ana. Ulusi wagolide unali utayamba kuthothoka m'mbali.

"Kauike pansi pa chishalo," anatero. "Kavalo wanga wawonda msana."