Masikara a Pamwamba pa Moto

Kuchokera ku Fingoe mpaka ku Chiputo, muikepo ndi Malowera yemwe, palibe munthu wodziwa kusankha ndi kusunga masikara otchinga pakamwa ndi pamphuno kuposa Olímpio Sakala. Wofuna kutsutsa akhale pansi, chifukwa nkhaniyi ili ndi mboni.

Chuma chake Olímpio sanasiyiridwe ndi munthu. Anayamba ndi kugulitsa mchere wa pasupuni kwa okumba golide, lero ali ndi loja, sitolo ya malata, njinga zamoto ziwiri ndi magalasi a m'maso ogula ku Beira. Ku Lusaka anagonako, ku Joni anaonako nyumba zoti ukaziyang'ana chipewa chimagwa. Koma chaka cha korona munthu yemweyu anagwira njakata. Wopanda masikara sankaloledwa pamsewu kapena mumsika, ndipo m'loja mwake munalibe ngakhale imodzi.

Anamupulumutsa ndi mlamu wake Carlota, mkulu wa mkazi wake Ilda, telala wa ku Malowera. Carlota anadula kapulana, nsalu yake ya paukwati, ya maluwa achikasu, nasoka masikara makumi atatu a Olímpio, banja lake ndi omunyamulira katundu.

"Mlamu, Mulungu andimve!" anatero Olímpio, dzanja lili pamtima. "Pa imodzi ndidzabweza khumi. Osati tinsanza iti, koma zenizeni za m'farimasiya!"

"Tinsanza, eti?" anayankha Carlota. "Chabwino, ndamva. Makutu anga sakalamba."

Mliri utazizira, Olímpio anatsikira ku Tete. M'farimasiya, sitolo ya mankhwala, anasankha ngati akusankha ng'ombe. Zopyapyala za buluu anazikana, ati mpweya ukuthawira m'mbali ngati nyumba yopanda chitseko. Anatenga yoyera yooneka ngati kachikho, ya kawaya ka pamphuno ndi zingwe ziwiri zozungulira kumutu. Anaivala, natsina kawayako, napuma mwamphamvu. Magalasi a ku Beira sanachite nkhungu. Anayatsa machesi nauzira, lawi silinagwedezeke n'komwe.

"Izi ndiye zanga! Mazana atatu, mayi!"

Kusankha anakhoza, zimenezo palibe angamulande. Zinavuta ndi kunyumba.

"Abambo a Stélia, tiike mu ndowa ya chivindikiro ija," anatero Ilda kwa mwamuna wake.

"Ndowa? Amayi, inu munafika pa Chiputo basi. Chinthu choyembekezera tsiku lake chimasungidwa ngati mbewu."

Ndipo mbewu kwathu kuno aliyense amadziwa malo ake: kudenga la nyumba yophikira, pamwamba pa moto, pamene utsi umathamangitsa anankafumbwe. Olímpio anavula masikara onse m'mapepala ake kuti utsi ulowe bwino, nawamanga m'mitolo, nawapachika pakati pa chimanga cha mbewu. Kukapereka ku Malowera sanafulumire. Ankafuna tsiku la anthu ambiri.

Panapita zaka ziwiri. Tsiku lina Carlota anatsika pa lole, fumbi lili mpaka m'nsidze, ndi uthenga wakuti mwana wake Benilde akwatiwa akatha kukolola.

"Mawu a banja ndinafuna mudzayankhule inu, mlamu," anatero. "Koma wa ngongole sayankhula paukwati wa mwana wanga. Ndipatsa a Mateus, amalume ake a Benilde."

Olímpio anadumpha pampando. A Mateus! Munthu amene paukwati wake womwe ananena "zikomo" n'kukhala pansi! Kulanda Olímpio mawu paukwati n'chimodzimodzi kulanda tambala m'bandakucha.

"Ilda, bweretsani makwerero! Itanani ndi a nyumba zoyandikana, aone mmene munthu woyenda amabwezera!"

Anthu anasonkhana. Olímpio anakwera, natsika ndi mtolo wakuda bii ndi mwaye, wonunkha ngati mbewa zowamba.

"Kunja kokha uku," anatero. "Mphamvu ili m'kati."

Anavala imodzi, nakoka chingwe. Thapu! Chinaduka n'kumukwapula khutu. Yachiwiri, thapu! Yachitatu sinadikire n'kukokedwa komwe, chingwe chinangoyoyoka m'manja ngati fodya wouma. Yachinayi anaigwirizira ndi dzanja napuma kamodzi, nayetsemula mpaka magalasi anagwera m'phulusa.

Carlota anakhala pansi ndi kuseka. Ilda analuma nsonga ya kapulana, misozi ya chiseko ili chuchuchu.

"Mvula ikagwa mudzale, mlamu," anatero Carlota akupuma movutikira. "Mwina amera!"

M'mawa mwake Olímpio anagulitsa njinga yamoto imodzi, nakwera inayo kubwerera ku Tete. Mayi wa m'farimasiya uja, dzina lake Eugénia, atamva nkhaniyo anaitana anzake a kuseri kuti aimvenso. Atatha kuseka anamulangiza. Kutentha kumapha mphira wa zingwe. Utsi ndi chinyontho zimatseka timabowo topumira. Masikara akhale m'mapepala ake, m'chinthu chotsekeka, pamalo pouma, pozizirira, posafika dzuwa. Ndipo ayang'ane tsiku lothera ntchito lolembedwa pa katoni.

Olímpio anasankhanso mazana atatu, naonjezera zisanu zoyesera. Atafika kunyumba anatsuka ndowa ya chivindikiro ija naiumitsa bwinobwino.

"Nzeru imeneyi ndinaiona ku Joni," anatero.

"Eya," anayankha Ilda. "Joni wake ndi wa kuseri kwa bedi langa."

Anakhoma kathandala m'chipinda cham'kati, miyendo yake naiimika m'zitini za phulusa kuti chiswe chisakwere. Pachivindikiro analemba tsiku ndi penti. Dzinja litafika denga linayamba kudontha, ndipo ambulera imodzi ya m'nyumbamo inapita kwa ndowa, mwini wake akumanyowa popita ku loja. Mwezi uliwonse ukaoneka ankatulutsa imodzi mwa zoyesera zija, n'kukoka chingwe, khutu lili tcheru ngati wokunga ng'oma.

Tsiku la ukwati anthu anabwera ndi mbale, mphasa ndi nkhuku. Olímpio analowa m'Malowera lipenga la njinga likulira, ndowa ataimanga kumbuyo ngati mkwatibwi wachiwiri. Anaiika pakati pa bwalo. Nkhope yake inali ya mwini dziko.

Carlota anatsegula. Zoyera mbee, iliyonse m'pepala lake. Anapisa dzanja mpaka pansi, natulutsa ya kunsi kwenikweni.

"Tchingani makutu, abale!" anafuula.

Anakoka chingwe ngati mwana wokoka legeni. Chinatalika, chinatalikabe. A Mateus anayamba kukonza kukhosi. Carlota anachisiya, chinabwerera m'malo mwake chathunthu. Anaivala, natsina kawaya, nalanda magalasi a ku Beira pamphuno pa mwini wake, napuma katatu. Nkhungu panalibe.

Nthungululu zinalira. Olímpio anavina mozungulira ndowa, jekete likuuluka, akukuwa kuti, "Ndani ananena za kudzala? Ndani?"

Ndiye anayankhula. Akwati anawatchula pachiyambi ndi pamapeto. Pakati ponsepo panali mphira, utsi, chiswe ndi ambulera, ndipo analangiza Benilde kuti mwamuna akanena za denga, iye azingotsuka ndowa mwakachetechete. Mpunga unazizira, a Mateus anagona pampando mosangalala.

Iye akuyankhula, Carlota ndi amayi a mpingo osamalira odwala anali akuwerenga, chifukwa ndowayo inali yoti ikakhale kwa iwo, kuti mliri wina usadzawapeze akudula zovala. Atatha, Carlota anakoka jekete la mlamu wake.

"Khalani pansi tsopano, anthu adye. Zakwana."

"Nenani mokweza, mlamu, a kumbuyo sanamve!"

Carlota anaimirira, nakweza chinthu chimene anachipeza chopindidwa pansi pa ndowa.

"Ndinapereka makumi atatu. Ndalandira mazana atatu, ndi kapulana imodzi ya maluwa achikasu."