Rubani wa M'foni ya Malemu

"Rubani ndi ndani?" anafunsa a Yotamu, atakweza foni ya malemu kuti onse aione.

Panali patapita masiku atatu chiikireni mkulu wawo, a Gideon, kumanda a ku Uliwa. Banja linali pakhonde kugawana katundu wa malemu: majekete awiri, njinga, wailesi ndi kafoni kamabatani komanga ndi labala.

Asanagwire foniyo, a Yotamu anali atagamula kale nkhani ya Towera, mwana woyamba wa malemu. Towera anagwira unamwino zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kenako anausiya ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu n'kupita ku Joni kukaphunzira kuulutsa ndege. Mayeso ake omaliza anali sabata yamawa. A Yotamu anati asabwerereko. Apemphenso ntchito kuchipatala, asamale mayi ake, chifukwa malemu zandegezo sanazifune.

Towera sanatsutse. Tsiku lomwe anatsanzika, bambo ake anangoti, "Munthu wa imvi kubwerera ku sukulu?" Zandege sanazitchulenso mpaka imfa yawo.

"Ndati Rubani ndi ndani?" anabwereza a Yotamu. "Nambala yakunja. Lamulungu lililonse, Rubani, Rubani. Alamu, mkuluyu ankapita ku Kyela, ku Tanzania, kukagula matenje okha?"

NyaMsiska, mkazi wa malemu, anapitiriza kupinda jekete.

"Mawa mkazi wina atulukira pano ndi mwana kumbuyo, akufuna munda wa mpunga. Ndimuimbira pompano, tonse timve mawu ake."

Anadina batani.

Foni inalira m'chikwama cha Towera. Anaitulutsa. Pagalasi panalembedwa kuti Adada.

Manase, mng'ono wa Towera yemwe amaombola katundu wa amalonda pamalire a Songwe, anali akungofika kumene ndi mipando yobwereka kutchalitchi. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka kukhala pansi.

"Adada aang'ono, mkazi wa ku Tanzaniayo ndi uyu wavala duku apayu! Rubani m'Chiswahili ndi woulutsa ndege. Adada anandifunsa okha chaka chatha, ati ndiwalembere papepala."

"Nanga osangolemba Towera bwanji?"

"Mchimwene wanu simukumudziwa?" anatero NyaMsiska, osadzutsa mutu. "Akanalemba pailoti, aliyense akanawerenga."

Towera anayang'anabe foni yake. "Amama, Lamulungu lililonse inkalira kamodzi n'kuduka. Ndikaimba, osayankha. Ndinkati mabatani akudinika okha m'thumba."

"Thumba lanji lodziwa Lamulungu? Tikaweruka kutchalitchi ankakhala pampando uwo, magalasi pamphuno, kufunafuna dzinalo. Ikalira kamodzi, adula. Ati, 'Yalowa, ndiye kuti watera.' Ukaimba iwe, amaibisa pansi pa chipewa."

A Yotamu anatsokomola. "Komabe alamu, mutsala ndi ndani?"

"Ndili ndi miyendo iwiri, ndipo Manase ali pa Songwe pompa. Jakisoni sindikumufuna." Anawapatsa jekete lija. "Ili ndi lanu. Njinga ya Manase. Foni ndipatseni."

"Inetu ndimangoteteza munda," anatero a Yotamu, akuyesa jeketelo. Linawathina m'mapewa, koma sanalivule.

Lachisanu m'mawa Towera anakwera minibasi ya ku Mzuzu, chikwama pamiyendo. Mayi ake sanamuperekeze kumsewu. Anati mpunga uli padzuwa, nkhuku zingaudye.

Anafika ku Joni Loweruka madzulo. Lamulungu masana ali pabwalo la ndege, akuzungulira kandege kophunzirira n'kumayang'ana mapiko ndi matayala, foni inalira m'thumba la malaya. Pagalasi panali Adada.

Inalira kamodzi, n'kuduka.

Towera sanaimbe. Anaibweza m'thumba, n'kutsegula chitseko cha ndege.