Tiyi Amene Shuvai Sankamwa

Pali chinthu chimene Shuvai sanauzepo munthu, ngakhale mayi ake omubereka. Tiyi wochepetsa thupi amene azakhali ake a Marwei ankagulitsa, iye anangomumwa kamodzi kokha. Tsiku limenelo anatsegula m'mimba koopsa. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ankanyamula kapu yake n'kupita nayo kuseri kwa nyumba ngati akukaiziziritsa, kenako n'kukhuthulira m'ngalande.

Shuvai ankakhala m'tawuni ya Chitungwiza, mpanda umodzi ndi azakhaliwo komanso mwana wawo Vimbiso. Atsikana awiriwa anali onenepa chiyambire ubwana, koma Vimbiso anali ndi pakamwa. Anthu asanayambe kumuseka iye, ankafulumira kuwalozera Shuvai. Ndiye amene anamutcha Thanki ali Fomu 1, ndipo dzinalo linamutsatira mpaka tsiku limene analemba mayeso omaliza.

Mu Ogasiti, mkulu wake wa Vimbiso, Sekai, ankadzaperekeredwa lobola. Atsikana asanu ndi atatu anayenera kuvala zofanana n'kutuluka akuvina pamaso pa alendo. Telala anasoka madiresi pa muyezo umene Sekai anafuna, osati wa matupi a eni ake. Sekai ananeneratu kuti amene sadzalowa m'diresi lake adzathandize kutsuka mbale kuseri. Apa m'pamene azakhali anatulutsa tiyi wawo.

Chimene chinasintha thupi la Shuvai chinali chamanyazi kuchinena. Mu Febuluwale chaka chomwecho anayamba sukulu ya makompyuta ku Makoni, dera lina la tawuni yomweyo. Tsiku lachitatu, kondakitala wa minibasi anamuyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti: “Asisi, mwadzaza mipando iwiri inu. Winayo alipira ndani?” Minibasi yonse inaseka, ndi amayi aakulu omwe. Shuvai anatsika asanafike, ndipo sanakwerenso. Ankayenda pansi, ola lathunthu kupita, ola kubwera. Njira yakeyo sinkadutsa pa kaokala kamene ankagulapo mabanzi ndi zakumwa zotsekemera, choncho zimenezo zinangotha zokha. Akafika kunyumba ankadya sadza, nsima ya kumeneko, ndi ndiwo zamasamba, madzulo n'kukankha wilibala ya zigubu kuchokera kumjigo. Miyezi iwiri palibe chinaoneka. Mwezi wachitatu siketi inayamba kumuzungulira m'chiuno.

Azakhali ataona, anachita ngati atola golide. Anamujambula ataimirira pakhoma, chithunzicho n'kuchiika pambali pa china cha pa Khirisimasi chimene Shuvai anali atayasamula, mwendo wa nkhuku uli m'manja. Anazitumiza ku magulu onse a pafoni. Amayi a kutchalitchi ankabwera kudzamutsina mkono, kumutembenuza ngati mbuzi ya pamsika, n'kuchoka ndi mapaketi awiriawiri. Shuvai ankangoyang'ana pansi. Zinkamupweteka, komanso aka kanali koyamba kuti anthu amuyang'ane osaseka.

Tsiku lina Vimbiso anamupeza akupukuta nsapato. Anafunsa ngati sizikumukhudza kuti kodi Thankiyu amamwa makapu angati patsiku. Shuvai akanatha kumuuza zoona pomwepo. M'malo mwake anamva pakamwa pake pakuyankha kuti atatu, komanso kuti sadya kanthu mpaka masana.

Vimbiso anayamba makapu atatu, kenako anayi. Anamanga mimba ndi lamba wothina mpaka kumapuma mobanika. Milomo inang'ambika, maso analowa m'kati, koma chiuno chinali chomwecho, chifukwa njala ikamupha ankadya mabanzi asanu nthawi imodzi ali chiimire, misozi ili chuchuchu. Mayi ake ankamusecha chikwama ngati wakuba. Ankamuuza pamaso pa makasitomala kuti tiyiyo alibe vuto, vuto ndi dyera, n'kuloza Shuvai kuti umboni ndi uwo. Shuvai ankamva zonsezi akumanga zingwe za nsapato, n'kunyamuka ulendo wake wa ku Makoni.

Kutatsala sabata imodzi kuti mwambo wa lobola uchitike, atsikana onse anasonkhana Loweruka masana kudzayesa madiresi ndi kukonzekera gule. Anaika sipika pakhonde, ana a anansi n'kukwera pampanda kudzaonerera. Zipi ya Shuvai inakwera yokha mpaka pakhosi. Ya Vimbiso inaima pakati pa msana, ndipo anaigwiritsa ndi mapini. M'mawa umenewo anali atamwa makapu awiri motsatizana kuti mimba iphwe.

Nyimbo itafika poti onse awerame, tiyi anagwira ntchito yake. Mtsikana amene anali kumbuyo kwa Vimbiso anadumphira pambali atagwira mphuno. Kamwana kena pampanda kanakuwa zimene kanaona, anzake n'kufa nazo nseko. Vimbiso anangoima, manja ali m'mwamba monga gule anamusiyira, banga likufalikira pansalu yachikasuyo. Kenako anayenda pang'onopang'ono kupita kuseri, mapini akuthothoka.

Azakhali sanamutsatire. Anakweza mawu kuti anansi amve bwino, n'kumati izi ndi zotsatira za zakudya zobisa, tiyi wawo sachita zimenezo. Sekai anatenga foni nthawi yomweyo n'kuimbira mnzake wa kuntchito kuti malo apezeka, adzavine m'malo mwa Vimbiso. Anayambanso nyimbo, ndipo Shuvai anavina. Chimene amachita nacho manyazi koposa n'chakuti pamene ankavina, mumtima mwake munali kukoma.

Dzuwa litapendeka, Shuvai anamupeza Vimbiso kuseri, atagwada pabeseni akuchapa diresi limene sadzavala. Pambali pake, pamwala, panali kapu ya tiyi uja ikufuka nthunzi. Ankangochapa pa banga paja mobwerezabwereza.

“Shuvai,” anatero osadzutsa mutu. Patapita zaka zinayi, aka kanali koyamba kumuitana ndi dzina lake. “Usandiseke, m'bale wanga. Ndikulakwitsa pati? Ndizimwa asanu? Sabata ilipobe, mwina Sekai angasinthe maganizo.”

Shuvai anayang'ana kapuyo. Anaganiza za azakhali amene mawa adzamutcha wabodza ndi wosayamika, za amayi a kutchalitchi ndi mapaketi awo. Akanatha kungoti asanu n'kulowa m'nyumba. Vimbiso anapukuta manja pasiketi n'kutambasula dzanja kuti atenge kapu ija.

“Usamwe,” anatero Shuvai, mawu akutuluka ang'onoang'ono. Vimbiso anamuyang'ana. “Ine sindimwa tiyi ameneyu, Vimbi. Ndimatayira m'ngalande umo tsiku lililonse. Ndimangoyenda pansi basi. Za makapu atatu zija ndinakunamiza dala, ndikudziwa zimene amachita m'mimba. Ndinkafuna udziwe mmene zimawawira.”