Chaka Chimene Sungeni Analeka Kuyamwa

Ku Bembeke chifunga chimatsika m'mapiri m'mamawa n'kukhala pa minda ya kachewere mbee, ngati munthu wayanika nsalu yoyera n'kuiwala kuanula. Mitengo ya paini imaima bii m'kati mwake. Tambala amalira, koma mawu ake sapita patali. Kunoko mwezi wa Juni umabwera ndi mphepo yolowa pansi pa chitseko, yolowa m'bulangeti, yolowa m'mafupa.

M'mawa ngati umenewo ndinkadzuka manja anga ali gwaa. Ndinali mtsikana ndithu, wopanda imvi ngakhale imodzi, mwana wanga woyamba, Sungeni, atangoyamba kumene kukwawa. Koma zala zanga zinkadzuka zotupa m'mfundo, zotentha, zopindika ngati zagwira chinthu chimene sindinkachiona. Ndikafuna kuzitambasula zinkakana. Ndikafuna kufumbata zinkakana. Manja onse awiri, ngati apangana. Ndinkakhala pakhonde kudikira dzuwa, ndipo dzuwa la ku Bembeke silifulumira.

Zinayamba ndi zinthu zazing'ono. Chivindikiro cha botolo la mafuta. Batani la diresi la mwana. Chingwe cha chidebe pachitsime, chimene chinandipulumuka tsiku lina, chidebe n'kugwera m'madzi chubwi, amayi anzanga n'kuseka poyesa ndikusinza. Kenako khasu. Kenako mbereko.

Mayi aliyense amadziwa kuwerama, kukweza mwana kumsana, kukokera chitenje m'khwapa n'kumanga pachifuwa, osaganizako n'komwe. Ine ndinawerama, Sungeni ali kumsana, nsonga ziwiri za chitenje zili m'manja, ndipo sindinathe kuzikoka. Mwana anayamba kutsetsereka. Ndinagwada msanga kuti agwere pafupi. Sanavulale. Anangokhala padothi kundiyang'ana, maso tong'o, ndipo amene analira ndi ine.

"Nyamakazi ndi ya okalamba," anthu ankatero. "Uwu ndi ulesi wa atsikana a masiku ano." Ena ankanong'ona kuti ndinadumpha mankhwala panjira. Amayi anga, aNajere, ananditengera kwa sing'anga kuseri kwa phiri. Ananditema mphini pa mfundo iliyonse n'kupakamo mankhwala akuda. Mphini zinapola n'kusiya timizere bii, koma ululu unatsala momwe unalili. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anandipatsa mapiritsi opha ululu. Ankandifikitsa masana, ankandiwotcha m'mimba, ndipo kutupa kuja kunafalikira m'zigongono ndi m'maondo.

Mwamuna wanga, Laisoni, si munthu wolankhulalankhula. M'mawa uliwonse asanapite kudimba ankateleka madzi, kuwathira m'beseni, ine n'kuviika manja mpaka zala ziyambe kumvera. Akatero ankaima kumbuyo kwanga, kukweza Sungeni, n'kuzungulira kutsogolo kudzandimanga mbereko ndi manja ake okhakhala ndi khasu aja. Anzake a pabawo ankamufunsa ngati ayambenso kuyamwitsa. Iye ankangoti, "Mwana ndi wanga," n'kumapita.

Chisanu chinapita, kunabwera dzuwa la Okutobala, fumbi mbuu m'misewu, masamba a mitengo ali lende. Ndinkayembekeza kuti kukatentha ndimasuka. Sindinamasuke. M'pamene a kuchipatala cha kwathu anatitumiza ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. M'minibasi maondo anga anapindidwa ulendo wonse, ndipo potsika Laisoni anachita kundinyamula ngati katundu, anthu a m'depoti akuonerera.

Ananditenga magazi. Titabwerera kukamva zotsatira, tinapeza adokotala achimayi ovala magalasi. Anatenga manja anga n'kuwaika pa manja awo, kusinika mfundo iliyonse mosathamanga, kufunsa kuti m'mawa ndimauma nthawi yaitali bwanji. Timizere ta mphini anationa, n'kupitiriza kuyeza.

"Mayi, iyi ndi nyamakazi," anatero. "Koma nyamakazi si imodzi. Ilipo yobwera ndi ukalamba, mafupa akakhulana ndi zaka komanso ntchito. Yanuyi ndi ina. Chitetezo cha m'thupi mwanu, chimene chimayenera kulimbana ndi matenda, chasokonezeka, chikulimbana ndi mfundo zanu zomwe. Imagwira ndi achinyamata omwe, makamaka amayi. Simunalakwe kanthu, ndipo si ulesi."

Ndinayang'ana Laisoni. Anali atazyolika, akupukuta maso ndi chipewa.

Ndinafunsa ngati imatha.

"Kutheratu ayi," anayankha adokotala. "Koma imagona. Alipo mankhwala akumwa kamodzi pa sabata, oletsa kuti mfundo zisapitirire kuwonongeka. Amachedwa kugwira, ndipo muzibwera kudzayezetsa magazi. Madzi ofunda aja musasiye, zala muziziyendetsa tsiku lililonse. Tikachedwa zidzapindikiratu, ndipo chala chikapindikiratu sitingachiwongole."

Sungeni anali pabere nthawi yonseyi, kaphazi kake kakumenya mkono wanga. Adokotala anamuyang'ana kanthawi.

"Koma mankhwala amenewa sayenderana ndi kuyamwitsa. Ndiponso musatenge pakati mukuwamwa. Mukadzafuna mwana wina, mudzabwere tidzakambirane kaye."

Tinabwerera kumudzi mapiritsi ali m'chikwama, osatsegula. Anakhala pa windo masiku angapo. Ndinkawayang'ana, ndinkayang'ana mwana. Bere ndi chokhacho chimene ndinkatha kumupatsa popanda wondithandiza. Kumusambitsa ankamusambitsa ena. Kumubereka ankandimanga ena. Koma akalira, ankabwera kwa ine, ndipo pamenepo pokha ndinali mayi wathunthu.

Amayi atamva anakana. "Mwana wosakwana zaka ziwiri n'kumuletsa bere? Anthu adzati uli ndi pakati pena. Akadwala kapena akawonda, udzati chiyani? Pirira, Felesiya. Ifenso tinapirira."

"Amayi," ndinatero, "bere ndingamupatse chaka china. Nanga manja? Mukufuna akule ndi mayi wosatha kumumanga ndi nsapato yomwe?"

Ndinawatambasulira manja anga pamiyendo pawo. Anawayang'ana nthawi yaitali, zala zotupa zija, timizere takuda tija. Ananyamuka n'kupita kwawo. M'mawa mwake anabwera okha, chitenje chili paphewa.

"Bwera naye," anatero. "Akhala kwa ine mpaka aiwale."

Nyumba ya amayi ili kungodutsa munda umodzi. Kulira kwa mwana kumaoloka munda. Ndinkakumva ndikusesa, ndinkakumva ndikudya, ndinkakumva ngakhale atatonthola. Mabere anadzaza n'kuuma gwaa, mkaka n'kumanyowetsa bulauzi, mwini wake ali tsidya lija akundiitana. Laisoni ankapita ndi phala la nsinjiro ndi dzira, n'kubwerako ndi mawu ochepa: "Wadyako pang'ono." Kapena, "Lero wakana." Ine ndinameza mapiritsi oyamba ndi madzi a m'kapu imene ndinaigwira ndi zikhatho ziwiri. Anandichititsa nseru. Sabata inatha, inanso inatha, manja ali chimodzimodzi. Bere ndinali nditalitaya, manja ndisanawapeze. Sungeni atabwerera, ndinamutambasulira mikono, iye n'kubisa nkhope m'khosi mwa agogo ake.

Masiku amenewo sindikonda kuwakumbukira. Ndinkakhala pakhonde kuyendetsa zala monga adokotala anandiuzira, chimodzichimodzi, kupinda, kutambasula, kupinda, kutambasula, mapiri ali mbuu ndi utsi wa moto wolusa, mudzi uli zii ndi kutentha. Ndinkadzifunsa ngati ndinamulanda mwana wanga pachabe.

Mvula yoyamba inabwera ndi mphepo ndi fungo la dothi. Fumbi linagona, mapiri anasamba, minda inada bii kenako n'kubiriwira. Mankhwala sanabwere ndi phokoso ngati mvula. Anabwera mwakachetechete. M'mawa wina ndinasenda kachewere mbale yonse, ndipo nditamaliza m'pamene ndinazindikira kuti mpeni unali m'dzanja langa, madzi a m'beseni asanafunde n'komwe. Ndinakhala phee kuyang'ana makoko aja. Sindinaitane munthu. Ndinaopa kuti ndikanena zithawa.

Sindinachire. Zala ziwiri za dzanja lamanja zinapindika ndisanayambe mankhwala, ndipo sizidzawongokanso. Alipo masiku amene maondo amakana, ine n'kutsala pakhomo anzanga akupita kukapalira. Ulendo wa ku Lilongwe sutha, kubayidwa kotenga magazi sikutha. Za mwana wachiwiri sitikudziwa. Apongozi akafunsa, Laisoni amawauza kuti nkhaniyo ndi ya iye ndi ine. Koma ndimasambitsa mwana wanga ndekha. Ndimaluka tsitsi lake, mizere yokhotakhota, iye n'kumanyadira ngati yalukidwa kutauni. Sanawonde. Phala analizolowera, ndipo amayi anga amadzitama kuti anamunenepetsa ndi iwo.

Tsopano Sungeni amayenda, ndipo safuna kunyamulidwa ndi wina aliyense. Lamulungu lapitali tikuchokera kutchalitchi, mvula itangokata, anaona ana a mbuzi akudumphadumpha pa chulu kumbali kwa njira. Anafuna kuti ndikawaone. Sanandikoke chitenje monga amachitira. Anakweza kadzanja kake n'kugwira chala changa, chimodzi mwa zopindika zija, n'kuchifinya ndi mphamvu zake zonse. Ululu unakwera mpaka m'chigongono.

"Iwe, asiye amako, ukuwapweteka," anatero Laisoni.

"Mulekeni," ndinatero.

Tinapatuka m'njira, iye patsogolo, ine pambuyo, udzu wonyowa ukutikwapula m'miyendo. Ankayenda pang'onopang'ono, kuterereka, kuima, kuyambanso, osandisiya. Ndi liwiro limene inenso ndimatha.