Mtengo wa Masutu

Ebbe anakwanitsa zaka zitatu Lachinayi, ndipo Loweruka lake banja lonse linadzuka ndi ntchito imodzi: kukapereka sutu ya mnyamatayo kumtengo.

Sutu, kankhumbu ka labala kaja kamene ana amayamwa akafuna tulo, inali itakhala m'kamwa mwa Ebbe chibadwire. Dokotala wa mano anali atachenjeza kale kuti mano akutsogolo ayamba kusuzumira kunja. Makolo ake anayesapo kawiri kuibisa, ndipo kawiri konseko amene anagonja anali bambo wake, Troels, munthu wamtali, wofatsa, amene sankatha kupirira kulira kwa mwana. Mkazi wake Solvej sanamukalipire. Anangoti ulendo uno pasakhale zobisa. Mwana apite nayo yekha kumtengo wa m'munda wopumulirako anthu wa Frederiksberg, akaimangirire panthambi ndi manja ake monga amachitira anzake, ndipo ikatsala kumeneko yatsala.

Ntchito yonyengerera anaigwira Karla, mlongo wake wa Ebbe, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Sabata yonse ankamunong'oneza pogona kuti sutu yake iyeyo ikadali kumtengoko, ikulendewera, ikuonera mbalame. Ebbe anavomera, koma anaika lamulo lake. Anati yake akaimangirira pafupi ndi ya Karla kuti isamakaope mdima. Ikapanda kukhala pafupi ndi ya Karla, abwera nayo kunyumba.

Troels anakweza ana onse awiri m'bokosi la kutsogolo kwa njinga yake, pamodzi ndi chikwama cha chakudya ndi majekete a mvula. Solvej anakwera yake. Kunali kowala, kamphepo ka mwezi wa Meyi kakuzizira pang'ono, ndipo zinkaoneka ngati mzinda wonse wa Copenhagen watuluka panjinga. Ali chiimire pa maloboti, Troels anakumbukira zimene mnzake wa kuntchito ananenapo tsiku lina, zoti osamalira mundawo amachotsa masutu akale nthawi ndi nthawi kuti nthambi zisathyoke. Ya Karla inamangidwa iye ali msinkhu wa Ebbe.

Anaweramira kwa mkazi wake n'kumuuza motsitsa mawu.

"Ndiye ukundiuza pano, pa maloboti?" anatero Solvej.

"Ndangokumbukira kumene."

"Chabwino. Koma konza nkhopeyo, ukuoneka ngati wameza ntchentche. Ana akuona."

Njinga anazikhoma pachipata n'kulowa wapansi. Njira ya kumtengo inali yachidule, koma Troels anati ayambe apereka moni kwa abakha. Pamphepete mwa madzi panaima kakowa wamtali wa nkhope ngati ya mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, ndipo Ebbe anamulankhula kwa nthawi yaitali, sutu ili pakona pa kamwa ngati kaliwo wa nkhalamba. Atachoka apo Troels anati si bwino kufika kuno osaona njovu. Anayenda mpaka kumapeto kwa munda, pamalo pamene munthu amaonera njovu za kumalo osungirako nyama zakutchire osalowa n'komwe. Kamwana ka njovu kankayamwa nsonga ya chitamba chake. Ebbe anafunsa ngati nakonso adzakamangirira chitambacho kumtengo, Karla n'kumuyankha kuti asamafunse zopusa, njovu zili ndi mtengo wake.

Anadyera pakapinga. Solvej anatulutsa buledi wakuda wopaka chiwindi, nkhaka zoduladula pamwamba, ndi maapozi amene ankawasenda akulankhula, osayang'ana mpeni. Ndi dzanja lina anagwira kapu ya Ebbe isanagwe. Troels ankamuyang'ana mkazi wakeyo monga ankachitira nthawi zambiri. Ataona kuti ana amaliza, anayamba kunena za mabwato a m'ngalande.

"Abakha tawaona, njovu taziona, tadya," anatero Solvej akupinda nsalu. "Tikudikiranso chiyani, kuti mwanayu akwatire kaye?"

Ukauonera patali, mtengowo umakhala ngati wachita maluwa a mitundu yonse nthawi imodzi. Ukayandikira ndi pamene umaona kuti ndi masutu, mazanamazana, ena paokhapaokha, ena m'mikoko ngati nthochi, omangidwa ndi timaliboni ndi ulusi wa juzi. Mphepo ikawomba amagundana pang'onopang'ono. Pansi pake panali mabanja ena. Kamtsikana kena kanali kuchotsedwapo katanyamulidwa kukhwapa kwa mayi wake, kakuponya miyendo, ndipo Ebbe anakatsatira ndi maso mpaka kanakhota.

Karla anathamangira kunthambi yake. Ankaikumbukira bwino, nthambi yotsika yoloza kumadzi. Troels nayenso ankaikumbukira, pakuti ndiye anamanga mfundo yake tsiku limenelo. Sutu ya Karla inali yobiriwira, yojambulidwa kachule. Mtsikanayo anayamba kumapeto kwa nthambi, kutembenuza imodziimodzi ndi chala. Onse anali atsopano, ena akadali ndi fungo la mkaka. Anazungulira mtengo, n'kuuzunguliranso, kenaka anabwerera panthambi pomwe paja n'kuima. Anayang'ana bambo wake. Troels anayesa kukonza nkhope monga mkazi wake anamuuzira, koma sizinatheke, ndipo anaona mwana wake akuwerenga yankho lonse pamenepo.

"Ya Karla ili kuti?" anafunsa Ebbe.

Mnyamatayo anagwira sutu yake ndi manja awiri, ili m'kamwa momwemo, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, cha kumene anasiya njinga.

Troels anagwada. Anali atayamba kusonkhanitsa mawu ofotokozera za nthambi zolemedwa ndi anthu osamalira munda, akudziwa bwino kuti mawu amenewo athera kunyumba, sutu ili m'kamwa. Solvej anamugwira paphewa kuti adikire.

Karla anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi. Anakweza mutu n'kuyamba kuyang'ana nthambi za m'mwamba, mosafulumira, ngati munthu wosankha nsapato m'sitolo.

"Iyo apo," anatero. "Ebbe, taona. Yakwera."

Ankaloza sutu yachikasu yofwifwa, ya liboni labuluu, imene inkalendewera yokha panthambi yoti mwana sangaifikire. Inali ya mwana wina amene palibe mmodzi wa iwo ankamudziwa.

"Unati ili pansi," anatero Ebbe, mawu akutulukira m'mbali mwa sutu.

"Inali pansi kalekale. Mtengo wakula, ndiye wakwera nayo. Iwe sudziwa kuti mitengo imakula? Ana inu."

Ebbe anayang'ana bambo wake. Troels anati mitengo imakuladi, ndipo anathokoza mumtima kuti funso lafika m'njira yoti angaliyankhe osanama. Anamunyamula mnyamatayo n'kumukhazika pamapewa. Ebbe anaisuzumira sutu yachikasu ija mbali zonse, anaikhudza ndi chala, n'kunena kuti ndi yonyansa. Karla, ali pansi, anamuuza kuti ndi mvula imeneyo, yakenso idzanyansa chimodzimodzi, ndipo masutu onyansa ndiwo akuluakulu a mumtengomo, palibe chimene amaopa.

Mnyamatayo anali akadali pamapewapo. Troels ankamva tizidendene tikugunda pachifuwa pake, ndi kaphokoso ka kuyamwa pamwamba pa mutu wake, kofulumira, ngati ka munthu amene akumwa madzi asananyamuke ulendo wautali. Kenaka kaphokosoko kanaleka. Dzanja lonyowa linatsika pafupi ndi khutu lake, litagwira sutu.

"Amange Karla," anatero Ebbe.

Solvej ananyamula Karla m'chiuno. Mtsikanayo anali atangophunzira kumene kumanga zingwe za nsapato, ndipo anamanga liboni lofiira monga amamangira nsapato, lilime lili panja, kawiri kuti lisamasuke. Masutu awiriwo anagundana. Ebbe anauza yake kuti igone bwino ndipo isamavutitse ya Karla. Bambo wina wachikulire amene ankadutsa ndi galu anaima, anavula chipewa kwa Ebbe mwaulemu wonse, n'kupitiriza ulendo wake.

Anagula ayisikilimu pakanyumba ka pafupi ndi chipata. Ebbe anadya wake akufotokozera wogulitsayo kuti iye tsopano ndi wamkulu. Mawu ake ankamveka achilendo, oyera, ngati wailesi imene yapeza siteshoni bwino. Koma ayisikilimu atatha, tulo ta masana titafika, dzanja lake linapita pakamwa n'kupeza palibe kanthu. Anayamba ndi kufunsa. Kenaka analira kulira kwenikweni, kochokera m'mimba, akukoka buluku la bambo wake kuti abwerere kumtengo, wasintha maganizo, akufuna angoiyamwako kamodzi kokha.

Troels anazindikira kuti mapazi ake atembenukira kale kumunda. Mtengo unali pafupi, mfundo ya nsapato simavuta kumasula.

"Njinga ili uku, bambo iwe," anatero Solvej, atamugwira mkono wa jekete. Sanakweze mawu, koma sanausiye mkonowo.

Karla anali atalowa kale m'bokosi. Anatambasula miyendo n'kuuza bambo wake kuti amuike Ebbe pakati pake. Mnyamatayo anamumenya ndi chigongono, iye osabwezera. Anamukulunga ndi manja kumbuyo n'kuyamba kumuwerengera agalu amene ankakumana nawo, mokweza, akulakwitsa dala kuti Ebbe amukonze. Poyamba Ebbe sanasamale. Troels anapalasa, maso ali pamsewu. Atadutsa nyanja zazing'ono za pakati pa mzinda, kulira kunasanduka kusisima. Kenaka anamva mawu aang'ono akunena kuti ameneyo si galu wachisanu, ndi wachitatu. Patsogolo pang'ono mutu wa Ebbe unagwera pachifuwa cha mlongo wake, kamwa lili yasa, lopanda kanthu.

Solvej anali patsogolo ndi njinga yake. Pa maloboti ena Karla anatembenuza khosi mosamala kuti asadzutse mwana.

"Ababa, sutu yanga ija anaitaya eti?"

"Eya. Amachotsa zakale kuti nthambi zisathyoke."

"Inu mumadziwa?"

"Ndinakumbukira tili m'njira. Ndinasowa pokuuzira."

Karla anaganiza. Anafunsa ngati ya Ebbe nayonso adzaitaya, ndipo Troels anati tsiku lina adzatero, koma si msanga. Ankayembekeza misozi, ndipo anali wokonzeka kuimika njinga. Mtsikanayo anangokonza chipewa cha mlongo wake chimene chinatsikira m'maso.

"Musamuuze inu," anatero. "Simutha kunena bwino zinthu zimenezi. Ndidzamuuza ndine akadzayamba sukulu."

Troels anavomera. Ankafuna kunena china, chachikulupo, koma a m'mbuyo anali atayamba kuliza mabelu. Anapalasa pang'onopang'ono, akuzemba mabampu, kuti onse awiri afike kunyumba momwe analirimo.