Masupuni a Pinki

Kuba n'kuba basi, kaya waba njinga kaya waba mtundu wa penti. Mabulashi ankatero, ndipo amene ankamuseka ndi anthu oti sanapangepo kanthu ndi manja awo.

Ntchito yake inali yokonza mafiriji, koma dzinalo analitengera ku tindege tapulasitiki timene ankamata ndi kupenta akaweruka, tija ta nkhondo zamakedzana, ta mapiko awiri osanjikiza. Gulu lawo linkakumana kuseri kwa shopu ya a Tcheya, mkulu wa gululo, ogulitsa misomali ndi penti. Chaka chimenecho anagwirizana kuti pachionetsero aliyense abwere ndi ndege yongoyerekeza: ndege yeniyeni, koma yopentedwa ngati inagulidwa ndi dziko limene silinakhalepo. Mitundu uganize wekha, chizindikiro cha pamapiko uganize wekha.

Mabulashi sankapaka penti pandege asanamuyese. Penti ali m'botolo amanama, ankatero, chilungamo amanena akauma. Ankayesera kumsana kwa masupuni apulasitiki, poti ndi okhota ngati thupi la ndege. Anasakaniza, kutaya, kusakanizanso, mpaka anapeza wobiriwira woderako, ndi mzere wachikasu wozungulira thupi kuseri kwa mpando wa woyendetsa. Masupuniwo ankawatsekera m'chitini pansi pa bedi.

Tsiku lina anakakonza firiji kwa mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, dalaivala wa basi amenenso anali m'gululo. Ali chogwada pansi, sipanala ili kukamwa, anakweza maso. Pamwamba pa kabati panali kandege kofundidwa mpango, koma mpangowo unali utatsetsereka. Wobiriwira woderako. Mzere wachikasu kuseri kwa mpando.

"Alamu, penti ameneyu munamupeza kuti?"

"Kushopu, ngati munthu aliyense," anatero dalaivala uku akukoka mpango msangamsanga. "Konzani firiji, alamu. Maso anuwo asamayende ngati a kondakitala."

"Mzerewo munauganiza nokha?"

"Ayi, ndinauwerenga m'manja mwa agogo. Kodi chikasu munachilenga ndinu?"

Anasekana, koma kuseka kwa Mabulashi kunathera m'mano. Munthu amene chaka chatha anamata mapiko chozondoka, lero adziwe kusakaniza penti? Pobwerera anayenda osaona msewu. Pakati pa chitini chake ndi kabati ya mlamuyo panali mlatho umodzi wokha, ndipo mlathowo ankagona nawo chipinda chimodzi.

Anapeza mkazi wake ali pamakina, akusoka yunifomu, mapini ali pamilomo. Anapitirira kuchipinda, n'kutsegula chitini. Masupuni anaoneka ngati achepa. Sankawawerenga, komabe anaoneka ngati achepa.

"Mayi a mwana, pansi pa bedi munasesapo?"

"Ndimasesa masiku onse. Mukufuna muzigona ndi akangaude?"

"Kwa achimwene anu mwapitako liti?"

Makina anaima. Mayiyo anachotsa mapini pamilomo, imodziimodzi.

"Funsani zimene mukufuna kufunsazo."

"Ndangofunsa."

"Bambo a mwana, ine mungandinene kuti ndine waulesi, kaya wamkamwa, ndipirira. Koma tsiku limene mudzanditche wakuba, mudzagona nazo ndege zanuzo."

Makina anayambanso kulira. Munthu wosalakwa amakwiya choncho? Nanga wolakwa amakwiya bwanji? Mabulashi analigubuduza funsolo m'mutu mpaka linatha makona, yankho osapezeka. Kumufunsanso sakanatha. Ndiye anaganiza zotchera msampha, mwakachetechete, kuti zoona zibwere zokha ndi miyendo yake.

Anatenga masupuni atsopano n'kupakapo zinthu zoipa zimene mutu wake unakwanitsa kupeka. Pinki wowala ngati mankhwala a chifuwa. Timabokosi tofiirira tosalingana. Chizindikiro chake, makwerero oyera oimirira pakati pa bwalo lakuda. Ndege yankhondo ya makwerero! Anawasiya patebulo la pabalaza, pafupi ndi makina osokera, n'kunena mokweza ngati akulankhula ndi khoma:

"Wobiriwira uja ndamusiya. Izi ndiye zopambana nazo."

Mkazi wake sanadzutse mutu. Mawa lake madzulo masupuni panalibe.

Mabulashi anasuzumira pansi pa tebulo, osawaona. Mwina mkaziyo anangowataya posesa. Anakavundula m'bini, manja onse nyansi, osapeza kanthu. Kuyambira pamenepo ankadya chakudya cha mkazi wake akumuyang'ana m'mbali, mkaziyo n'kumamupatsira madzi osanena mawu. Ndege yake anaimaliza mobisa kuntchito, pakati pa mafiriji akufa: yobiriwira, mzere wachikasu, mphezi yoyera pamapiko.

Chionetsero chinachitikira m'holo ya sukulu, Loweruka masana. Matebulo anayalidwa nsalu zoyera, tindege titandandalikidwa, ana akuletsedwa kugwira. Anthu anaunjikana patebulo limodzi lakumapeto. Mabulashi anadzipanikiza pakati pawo, ndipo anaiona. Pinki. Timabokosi tofiirira. Makwerero oyera pa phiko lililonse. Kuseri kwake kunaima dalaivala, atavala tayi, mano onse panja.

Chowawa kwambiri chinali chakuti pandegepo zinthuzo sizinaipe. Zinakongola.

"Uku ndiye kuganiza!" ankatero a Tcheya, magalasi ali pamphuno. "Enanu mwangotibweretsera zobiriwira ngati munda wa kabichi. Tatiuzani adalaivala, pinkiyu bwanji?"

"Dziko langali limamenya nkhondo m'mamawa, bwana, kumwamba kukadali kofiira. Mdani sakuona."

"Nanga makwerero?"

"Ndi anthu okwera, bwana. Satsika."

Anthu anaomba m'manja. Mabulashi anayang'anitsitsa ndegeyo. Umboni unali pamaso pake, wa mapiko awiri. Koma kuti aunene anayenera kunenanso amene iye anamutchera msamphawo, ndipo ameneyo anali ataima pakhomo la holo, mwana ali pambali pake, akumuyang'ana iye osati ndege. Akanatha kumeza. Anayesadi kumeza. Koma a Tcheya atatenga kariboni kofiira ka wopambana n'kuyamba kukamangirira pa tebulo la wakuba, pakamwa panatseguka pokha.

"Zakuba zimenezo!"

Holo yonse inatembenukira kwa Mabulashi.

"Pinki ameneyo ndi wanga! Makwerero ndi anga! Ndinapenta dala pamasupuni, zoipa dala, kuti ndigwire amene amanditulutsira zinthu m'nyumba. Ndamugwira!"

"Zoipa dala?" anafunsa a Tcheya. "Ndiye mukulilira zinthu zoti munataya nokha?"

"Ndikulilira chilungamo!"

"Alamu, khalani pansi," anatero dalaivala, kuseka kutamuthera. "Masupuni anandipatsa ndi mlongo wanga, akuti inu simukuwafuna. Ine ndinafufuta ndege yanga yabwinobwino chifukwa cha iye."

"Yabwinobwino iti? Yobiriwira munandibera ija?"

"Wobiriwira wake uti?" anadula a Tcheya. "Shopu yanga chaka chino inalandira wobiriwira ndi wachikasu basi. Tayang'anani matebulowa."

Mabulashi anayang'ana. Zobiriwira zinalipodi zambiri, zina za mizere yachikasu. Koma mzere kuseri kwa mpando penipeni? Zimenezo shopu sigulitsa. Kapena imagulitsa? Asanapeze poima, mkazi wake anali atafika patebulopo. Sanakweze mawu.

"Apinkiwo ndinatenga ndine. Munthu amene amatsekera masupuni m'chitini ngati mankhwala a makoswe, tsiku limodzi n'kuwayala pafupi ndi makina anga, akulengeza ngati wailesi. Mumayesa sindinaone? Ndinati, popeza bambowa anditchera ngati mbewa, ndione ngati adzalimbe mtima kunditchula pagulu."

"Nanga obiriwira aja?"

"Mukufunsabe?"

Ankafunsabe. Nkhope yake inanena, ngakhale pakamwa anatseka. Mkaziyo anatembenukira kwa mchimwene wake.

"Achimwene, kuchipinda kwa ana kuja kuli malo?"

"Malo alipo, mlongo."

"Makina ndidzatuma munthu."

Anagwira mwana padzanja n'kutuluka. Dalaivala anawatsatira, ndege yake n'kuisiya pomwepo. A Tcheya anakanda m'mutu, n'kumasula kariboni kaja.

"Popeza mwini maganizo ndinu, a Mabulashi, tengani. Chilungamo mumachifuna chija ndi chimenechi."

Anakalandira. Kanali kopepuka ngati tsamba. Anthu anayamba kubalalika, ena akunong'onezana, ena akuseka poyera. Iye anathamangira pakhomo kuti aitane, koma atafika pamasitepe anapeza kuti sakudziwa choti anene: kupepesa, kapena kufunsanso. Kutsidya kwa msewu mwana anatembenuka n'kumubayibitsa. Mayi ake sanatembenuke.