Mapepala a Pansi pa Makina

Moto unali utayaka kale pakona ya msewu wa Isla de Flores, mumzinda wa Montevideo, pamene Heber anafika ndi mtolo wa nyuzipepala kukhwapa. Ng'oma zinali zitagonekedwa mozungulira motowo, zikopa zitaloza kumalawi. Linali Lamulungu lomaliza lokonzekera mdipiti waukulu wa chikondwerero cha kanivali, umene unali kudzachitika Lachisanu, ndipo aliyense kuno amadziwa kuti ng'oma yosawambidwa bwino imalira ngati ndowa yobooka.

"Lero ndiye mwabwera nazo, mdala," anatero Yamandú, mnzake woimba ng'oma yaing'ono. "Kuwerenga mwayamba liti inuyo?"

"Ndazipeza pansi pa makina osokera a mkazi wanga. Zimangoitana mphemvu."

Anayamba kuponya pamoto. Anali mapepala akalekale, ofiirira, ndipo amayaka mosavuta. Zikopa zinayamba kukungika, anthu akuzigogoda ndi chala n'kumamvetsera. Litatsala pepala limodzi, Yamandú analitola n'kulitambasula.

"Koma mdala, nyuzipepala yanji yokhala ngati mkono wa malaya?"

Heber analilanda. M'mbali mwake linali lodulidwa bwinobwino ndi sizasi, lili ndi timabowo ta mapini. Anayang'ana pamoto, koma panali phulusa lokhalokha. Ng'oma yake yaikulu anaisiya pomwepo, n'kuuyamba wa kunyumba.

Mkazi wake, Nibia, tonse a mumsewu uno timamukonda, koma timamudziwanso. Ndi katswiri woyamba zinthu. Nsalu ya patebulo anayamba kuipeta mwana wawo akuyamwa, lero mwanayo ali ndi ndevu, maluwa ake akadali mbali imodzi. Juzi limene ankalukira Heber lili ndi mkono umodzi, ngati mwiniwakeyo anachita ngozi. Chikangovuta pang'ono, Nibia amachipinda bwinobwino n'kuyamba china.

Koma chovala cha chaka chino chinali nkhani ina. Mayi ake a Nibia, malemu Petrona, ndiwo ankavina ngati gogo wa gulu lathu la ng'oma, uja amatsogolera ng'oma atavala bulauzi yoyera ndi siketi yotambalala, chikupizo kumanja, ambulera kumanzere. Chimwalirireni mayiwo, Nibia ankangoonerera ali pakhomo. Chaka chino gulu linamupempha kuti alowe m'malo mwa mayi ake, iye n'kuvomera. Siketi anali atamaliza, zomwe zinadabwitsa msewu wonse. Inatsala bulauzi, ndipo mapatani ake anali omwe aja Petrona anadula yekha panyuzipepala.

Heber anamupeza atagwada pansi, mutu uli kunsi kwa makina, nsalu yoyera itayalidwa patebulo.

"Mdala, simunaoneko mapepala anga apa?"

Heber anangotambasula mkono wa malaya uja. Nibia anadzuka pang'onopang'ono, nayang'ana pepalalo, nayang'ananso mwaye umene unali m'manja mwa mwamuna wake.

"Mwawambira ng'oma."

"Ndimayesa ndi zinyalala, mayi."

"Nanga zakungika bwino? Ndiuzeni, ndidziwe kuti mayi anga agwirako ntchito."

Akanakalipa bwenzi zili bwino. Koma anangokhala pampando, manja ali pamiyendo, ndipo Heber anamva chisoni chimene sanachimvepo chikwatirireni.

"Bwanji muvale bulauzi ya amayi anu yomwe ija? Si ili m'bokosi?"

"Mayi anali ochepa ngati ndodo yanu yoimbirayo. Ine ndilowamo bwanji? Mukufuna ndikang'ambikire pamaso pa Montevideo yense?"

"Ndiye tikabwereke patani kwa anzanu."

"Ya anzanga ndi ya anzanga. Mapewa a mayi ankafufuma mwa iwo okha, munthu ali patali amadziwa kuti akubwerayo ndi Petrona." Anayamba kupinda nsalu yoyera ija. "Basi, mukawauze apeze wina. Ine ndidzavina chaka chamawa."

Kapindidwe kameneko Heber ankakadziwa. Chilichonse chimene chinapindidwa choncho m'nyumbamo sichinatambasulidwenso. Anaika dzanja lake lamwaye pakona ya nsaluyo, osaichotsa.

"Mukundidetsera nsalu."

"Ndichapa. Koma iyi yokha simuipinda. Palibe njira ina, mayi? Ngakhale yovuta?"

Nibia analowa kuchipinda n'kutulukako ndi bulauzi ya mayi ake. Inali itayamba chikasu m'khosi, ikununkhira sopo ndi mankhwala othamangitsa njenjete.

"Njira ndi imodzi. Kuimasula yonseyi, msoko ndi msoko, ndiyale zidutswa pansalu, ndidule mokulitsa. Koma ikamasulidwa siibwereranso. Nsalu yake yafooka."

Anaitembenuza. Misoko yonse inali ya pamanja, yaing'onoing'ono yondondozana bwino, chifukwa Petrona ankati makina ndi a anthu aulesi. Nibia anatenga kasizasi, nakalowetsa pansi pa ulusi woyamba wa paphewa. Dzanja linaima pomwepo.

Nthawi yomweyo ng'oma zinayamba kumveka kumtunda kwa msewu. Zimabwera pang'onopang'ono, anthu akuomba m'manja, agalu akuuwa, mawindo akunjenjemera. Ngakhale mwana akanamva kuti pansi pa phokosolo pakusowa kanthu. Heber anali asanajombepo Lamulungu lomaliza chiyambire unyamata wake, ndipo phazi lake linayamba kugunda pansi lokha.

Gulu litafika pakhomo linaima, likuimbabe. Yamandú anasuzumira pawindo, ng'oma ili pamimba.

"Mdala! Akumangani? Mlamu, timasulireni munthuyu, kumbuyoku kwapepuka popanda ng'oma yake yaikulu! Mudzamumenya mawa!"

"Pitani," anatero Nibia, osadzutsa mutu. "Akukudikirani."

"Nanga inu?"

"Ine manja akukana. Ndi ulusi wa mayi anga uwu, mdala. Ndiudula bwanji?"

Misozi inagwera pabulauzipo. Heber anayang'ana kuwindo, nakweza dzanja kuuza Yamandú kuti azipita. Anapita kumpopi kukasamba m'manja, nakoka mpando, n'kukhala pafupi ndi mkazi wake. Zala zake zinali zikuluzikulu, zolimba ndi chikopa cha ng'oma, moti m'kasizasimo zinangolowa nsonga zokha.

"Ndapsereza ndine, ndidulanso ndine. Amayi akakwiya akwiyire ine, anandizolowera kale. Inu mungondilozera."

Nibia anaseka misozi ili m'masaya, napukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Anakoka phewa la bulauzi mbali zonse ziwiri mpaka ulusi unaonekera.

"Apa. Umodziumodzi. Mukangodula nsalu, Lachisanu muvala ndinu siketi ija."

Heber anawerama, lilime lili panja, nadula ulusi woyamba. Ng'oma zinadutsa, zinakhota pakona, mpaka zinasiya kumveka, iye osadzutsa mutu. Phewa litamasuka, Nibia anatambasulanso nsalu yoyera patebulo.